Galimoto Yanu: Gasiketi ya hedi ikapsa, ndalama zimathera kuti?

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukhudza injini za dizilo zimene zinawira m'nyengo yotentha, ndipo pafupifupi onse akufunsa za gasiketi ya hedi ndi mtengo wokonzetsera. Tasankhapo anayi, ndipo loyambalo taliyankha motalikirapo chifukwa lanyamula nkhawa za anthu ambiri.

FUNSO: Akonzi, ndili ndi Toyota Hilux Surf ya injini ya 1KZ-TE imene ndimayendera pa geni yanga pakati pa Nchalo ndi Blantyre. Mwezi wa October, ndikukwera chitunda cha Thabwa dzuwa likuswa mtengo, muvi wa geji ya kutentha unakwera mpaka kufika pofiira. Poona kuti ndatsala pang'ono kufika pamwamba ndinangolimba mtima n'kupitiriza, ndipo nditaima ndinathira madzi ozizira a pamjigo mu radiyeta. Kuyambira tsiku limenelo galimoto ikumwa madzi koma sindikuona pamene akudontha, mu radiyeta mukutuluka thovu injini ikamalira, ndipo payipi yaikulu ya pamwamba ikumauma gwa ngati tayala. Komabe oyilo ali bwinobwino, sanasanduke ngati mkaka. Makaniko wina akuti angosintha gasiketi tsiku limodzi pa mtengo wabwino, pamene wina watchula mtengo woposa wa mnzakeyo katatu, n'kuwonjezera kuti sangandiuze mtengo womaliza asanatsegule injini. Kodi wachiwiriyu sakufuna kungondidyera? Nanga gasiketi ingapse oyilo ali woyera?
Wowerenga wanu, ku Nchalo

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cholemba mwatsatanetsatane. Tiyambe ndi kukuuzani mosabisa kuti makaniko wachiwiriyo ndiye akulankhula zoona, ngakhale kuti mawu ake ndi owawa m'thumba, ndipo tikufotokozerani chifukwa chake.

Gasiketi ya hedi ndi chinthu chopyapyala, chosafika ngakhale mamilimita awiri, chimene chimakhala pakati pa buloko, momwe mumayenda mapisitoni, ndi hedi, imene imavundikira masilinda pamwamba. Ntchito yake ndi kulekanitsa zinthu zitatu zimene zimadutsa moyandikana kwambiri koma siziyenera kukumana, zomwe ndi moto wa m'silinda, madzi oziziritsa injini ndi oyilo. Mu injini ya petulo mpweya umapanikizidwa mwina ka 9 kapena ka 10 ndipo moto umayatsidwa ndi pulagi, koma injini ya dizilo imapanikiza mpweya mpaka utatentha wokha n'kuyatsa mafuta, moti injini ngati yanuyi imaupanikiza kopitirira ka 21. Mafuta akamayaka, mphamvu ya m'silinda ya injini ya turbo imapitirira ma bar 100 (bar ndi muyeso wa mphamvu ya kupanikizika), pamene chotsekera cha radiyeta chinapangidwa kuti chizigwira pafupifupi bar imodzi yokha. Ndiye pakangotseguka kanjira kakang'ono pakati pa silinda ndi njira ya madzi, mpweya wa moto ndi umene umakankhira m'madzi, n'chifukwa chake mukuona thovu, payipi youma gwa, ndi madzi amene akutha osaoneka podontha, pakuti akukankhidwira kunja kudzera pa kapayipi kotayira kapena akupsera m'silinda n'kutuluka ngati utsi woyera. Anthu ambiri anazolowera kuti gasiketi ikapsa oyilo amasanduka ngati tiyi wamkaka, koma zimenezo zimachitika makamaka ikaphulikira pakati pa njira ya madzi ndi ya oyilo. Mu injini za dizilo, kupsa kwa mtundu wanuwu n'kumene kumaoneka kawirikawiri, choncho oyilo woyera asakunamizeni.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu si gasiketi ayi, koma hedi. Injini ya 1KZ-TE, imene Toyota inayamba kupanga mu 1993 ndipo inaikidwa mu Hilux Surf, Prado ndi Hiace zina, ili ndi buloko yachitsulo koma hedi yake ndi ya aluminiyamu. Aluminiyamu akatentha amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo cha buloko, kotero kuti injini ikawira hedi imalimbana ndi mabawuti amene aigwira, ndipo imatha kupindika kapena kung'aluka, makamaka pakati pa mavalavu ndi pafupi ndi timapanga timene moto umayambira. Injini imeneyi ndi yolimba ndipo yatumikira anthu ambiri, koma amakaniko kulikonse kumene inafika amaidziwa kuti siikhululuka ikawira. Inu munaiyendetsa muvi uli pofiira, kenako munathira madzi ozizira m'chitsulo chotentha kwambiri, ndipo zinthu ziwirizi ndi zimene zimang'alula hedi. Sitikunena izi pofuna kukudzudzulani, chifukwa madalaivala ambiri akanachitanso chimodzimodzi pa chitunda chopanda poima pabwino ngati chija, koma tikufuna mumvetse chifukwa chimene munthu woona mtima sangakulonjezeni mtengo asanaione hediyo ndi maso.

Asanamasule ngakhale bawuti imodzi, pemphani kuti ayambe ayeza. Pali mankhwala amadzimadzi abuluu amene amaikidwa m'kabotolo pakamwa pa radiyeta, ndipo ngati m'madzimo mukulowa mpweya wa moto, amasanduka obiriwira kapena achikasu. Palinso kapampu kopanikizira njira yonse ya madzi kuti aone ngati ikutaya mphamvu, komanso geji yoyezera mphamvu ya silinda iliyonse. Kuyeza kumeneku kumatenga nthawi yochepa ndipo mtengo wake ndi waung'ono poyerekeza ndi kutsegula injini pachabe.

Tsopano za ndalama. Gasiketi payokha ndi gawo laling'ono la mtengo wonse, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera, chifukwa amafunsa mtengo wake kusitolo ya masipeya n'kuganiza kuti adziwa mtengo wa ntchito. Kuti hedi ichoke pamafunika kuchotsa mapayipi a mpweya ndi a utsi, turbo, mainjekita ndi mapayipi ake, lamba wa timing (amene amagwirizanitsa kayendedwe ka mavalavu ndi ka mapisitoni) ndi zina zambiri, ndipo kumasula, kutsuka ndi kubwezeretsa zonsezi mosamala ndi ntchito ya tsiku lathunthu kapena awiri, osawerengera masiku amene hedi imakhala kwa akatswiri a makina. Kumeneko amaiyeza m'madzi moipanikiza ndi mpweya kuti aone ngati yang'aluka, kenako amaika chitsulo chowongoka pamwamba pake n'kuyeza kupindika, ndipo malire amene mabuku a opanga injini amalola ndi aang'ono kwambiri, nthawi zambiri osapitirira 0.2 mm. Ngati yangopindika pang'ono amaipala, kumene amakaniko amati kusikima, ndipo mtengo umakhala wapakatikati. Ngati yang'aluka, pamafunika hedi ina, ndipo hediyo payokha ikhoza kudya ndalama zoposa zina zonse mutaziphatikiza. Pamwamba pa izi onjezani mabawuti atsopano a hedi, magasiketi ena ang'onoang'ono amene sabwezeretsedwa akachotsedwa, oyilo ndi fyuluta, madzi a coolant (mankhwala othira mu radiyeta), ndiponso lamba wa timing ngati wayandikira makilomita 100,000, chifukwa n'kupanda nzeru kulipira ntchito yomasula yomweyo kawiri.

Makaniko woyambayo watchula mtengo wa gasiketi ndi manja ake basi. Wachiwiriyo wawerengera ntchito yonse, ndipo wasiya khomo lotsegula chifukwa cha hedi. Chimene mungachite kuti musadyeredwe ndi kumupempha kuti akulembereni mitengo iwiri papepala, wina ngati hedi ingofunika kusikima, wina ngati ifunika kugula, chilichonse pamzere wakewake, ndipo mugwirizane kuti hedi ikachoka akuitanani mudzaione musanavomereze kugula chilichonse. Masipeya a injini zimenezi amachokera kunja, ku Japan, South Africa, Dubai kapena Dar es Salaam, ndipo kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ogulitsa akhala akusintha mitengo pafupipafupi malinga ndi kapezekedwe ka ndalama zakunja. Chifukwa cha ichi, funsani mitengo m'masitolo awiri kapena atatu sabata yomwe mukufuna kugulayo, osadalira mtengo umene mnzanu anagulira chaka chatha.

Pakadali pano galimotoyo iimikeni. Madzi akhoza kulowa m'silinda usiku injini itazima, ndipo popeza madzi sapanikizika, mukadzaliza m'mawa pisitoni ikhoza kuwagunda n'kupinda chitsulo chimene chimailumikiza ku crankshaft, chitsulo chachikulu chakunsi kwa injini chimene mapisitoni amachizungulitsa. Zikafika pamenepo simukukambanso za hedi, koma za injini yonse.

FUNSO: Akonzi, ndine mayi wamasiye ndipo ndimadalira minibasi ya Hiace ya injini ya 5L imene malemu amuna anga anandisiyira. Imayenda pakati pa Lilongwe ndi Salima. Gasiketi yasinthidwa kawiri m'miyezi isanu, ndipo pano dalaivala akuti yayambanso kumwa madzi. Ulendo wachiwiriwo makaniko anachotsa thermostat (kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi malinga ndi kutentha kwa injini), akuti kuno n'kotentha ndiye siifunika. Ndatopa ndi kutaya ndalama. Kodi magasiketi a masiku ano ndi achinyengo, kapena injiniyi yatha?
Mayi wa ku Kawale

YANKHO: Pepani mayi, chifukwa minibasi ikaima ndiye kuti pakhomo paimanso. Magasiketi osalimba alipodi pamsika, ndipo tikulangizani kugula ya Toyota yeniyeni kapena ya kampani yodziwika ngakhale ikhale yodulirapo, koma gasiketi ikapsa katatu motsatizana, kawirikawiri vuto silikhala gasiketiyo. Gasiketi siipsa yokha. Pamakhala chinachake chimene chaipsereza, ndipo ngati chimenecho sichinapezeke, yatsopanonso idzapsa.

Funsani makaniko wanu mafunso awa, ndipo mayankho ake akuuzani zambiri. Kodi hedi inapita kokayezedwa ndi makina, kapena inangopalidwa ndi sandipepa pagalaja? Kodi pamwamba pa buloko panayezedwanso? Kodi anayeza mmene mapisitoni amatulukira pamwamba pa buloko asanasankhe gasiketi? Funso lachitatuli ndi lofunika kwambiri pa injini za dizilo ndipo ambiri salidziwa. Mapisitoni a injini zimenezi akafika pamwamba amapitirira buloko pang'ono, ndipo opanga amatulutsa magasiketi a makulidwe angapo, osiyana ndi pafupifupi 0.1 mm, okhala ndi zizindikiro za timabowo, timipata kapena zilembo m'mbali mwake. Yopyapyala kwambiri imachititsa kuti pisitoni iyandikire hedi mopitirira muyeso, ndipo yochindikala kwambiri imafooketsa injini n'kuivutitsa kulira m'mawa. Munthu amene amangopita kusitolo n'kunena kuti ndipatseni gasiketi ya 5L, osatchula chizindikiro, akungoyesa mwayi ndi ndalama zanu.

Kenako pali nkhani ya mabawuti. Mabawuti a hedi amamangidwa motsatira ndondomeko, kuyambira pakati kupita kumapeto, pogwiritsa ntchito sipanala yoyeza mphamvu imene amakaniko amaitcha torque wrench, ndipo pa injini za Toyota za mtundu umenewu amawapotozanso madigiri 90 kawiri. Kupotoza kumeneku kumawatalikitsa pang'ono mwadala, choncho akamasulidwa ayenera kuyezedwa, ndipo amene aonda kapena kutalika atayidwe. Pa injini imene yatsegulidwa kale kawiri, ife tingangogula atsopano onse. Mabowo awo ayeneranso kutsukidwa n'kuumitsidwa, chifukwa oyilo kapena madzi akatsalira pansi, bawuti imaoneka ngati yalimba pamene sinagwire hedi. Kumanga mabawuti amenewa ndi payipi yolumikiza ku sipanala wamba, n'kumadalira mphamvu ya mkono, ndi kumene kwapsereza magasiketi ambiri abwinobwino.

Za thermostat, tikutsutsana ndi makaniko wanu kotheratu. Chizolowezi chochotsa thermostat chafala kwambiri m'magalaja athu, ndipo chimabisa matenda m'malo mowachiza. M'mainjini ambiri thermostat ikatseguka imatsekanso njira yachidule imene madzi amazungulira injini ikadali yozizira, kotero kuti ikachotsedwa madzi ena amangozungulira m'njira yachiduleyo osafika ku radiyeta, ndipo mbali zina za hedi zimatentha kwambiri geji isakuonetsa. Ikani yatsopano ya muyeso woyenera. Chimene chinawiritsa injini poyamba chifufuzidwe kwina: radiyeta yotsekeka mkati, pampu ya madzi imene mapiko ake adyeka, chotsekera cha radiyeta chimene chafooka, lamba wolefuka, kapena feni imene imaoneka ngati ikuzungulira koma klachi yake ya mafuta inatha mphamvu. Msewu wochokera ku Salima kukwera ku Lilongwe uli ndi zitunda zazitali, ndipo minibasi yodzaza anthu ndi katundu imaulula kufooka kulikonse kwa zinthu zimenezi.

Funsaninso dalaivala wanu madzi amene amathira. Madzi a pamjigo ndi a m'zitsime zambiri ali ndi mchere umene umaundana mkati mwa radiyeta monga momwe umachitira m'ketulo, ndipo madzi opanda mankhwala amadyetsa dzimbiri njira za mu buloko ndi m'mphepete mwa gasiketi. Coolant wosakanizidwa theka ndi theka ndi madzi oyera opanda mchere amateteza ku dzimbiri ndiponso amachedwa kuwira. Muzimusunga kutali ndi ana ndi ziweto, chifukwa amakoma ngati shuga koma ndi poizoni wakupha. Injini yanu mwina siinathe ayi, pakuti 5L ndi injini yopirira, koma ulendo uno lipirani ntchito yoyeza poyamba, ngakhale minibasi iime masiku ena atatu.

FUNSO: Akonzi, m'masitolo ena muli mabotolo a mankhwala amene akuti ukathira mu radiyeta amamata gasiketi yopsa popanda kutsegula injini. Kodi amagwiradi ntchito pa dizilo?
Mnyamata wa ku Mzuzu

YANKHO: Achimwene, mankhwala amenewa akhoza kuchepetsa kudontha kwakung'ono kwa kanthawi, makamaka pamene madzi akungotulukira kunja, koma ngati mpweya wa moto ukukankhira m'madzi, mphamvu ya m'silinda ya dizilo ndi yaikulu kwambiri moti chomatacho sichikhalitsa. Choipa chake n'chakuti amathanso kutseka timapayipi ting'onoting'ono ta radiyeta, ndipo injini imene inali kale ndi vuto la kutentha imawira msanga kuposa poyamba. Angakuthandizeni kufikitsa galimoto kugalaja mukakhala kutali, koma mukafika muuzeni makaniko kuti munathira, kuti atsuke njira yonse ya madzi. Ndipo amene akugula galimoto yakale ya dizilo achenjere, chifukwa ogulitsa ena amathira mankhwala amenewa kuti abise vuto. Iyeseni pa chitunda injini itatentha, ndipo m'mawa isanalizidwe finyani payipi ya pamwamba: ikakhala youma gwa galimoto itagona usiku wonse, pali chifukwa chokayikira.

FUNSO: Akonzi, ndili ndi Hilux ya injini ya D-4D imene ikutulutsa utsi woyera ndipo madzi akuchepa pang'onopang'ono. Anzanga akuti ndisavutike ndi gasiketi, ndingogula injini ina yochokera ku Japan. Kodi chotsika mtengo n'chiti, kukonza kapena kugula injini?
Mlimi wa ku Kasungu

YANKHO: Bambo, musanayambe kuwerengera mtengo wa injini, tsimikizani kaye kuti vuto ndi gasiketi, chifukwa pa injini za masiku ano pali zinthu zina zimene zimaonetsa zizindikiro zofanana. Zambiri zili ndi kachipangizo koziziritsa utsi umene umabwezedwa mu injini, kotchedwa EGR cooler, ndipo kakabooka madzi amalowa m'njira ya mpweya n'kutuluka ngati utsi woyera, gasiketi ili bwinobwino. Chimodzimodzinso oyilo akamaoneka mu radiyeta, nthawi zambiri wolakwa amakhala oil cooler, kachipangizo koziziritsa oyilo. Utsi woyera wonunkha dizilo wosapsa, umene umaluma m'maso, umaloza ku mainjekita kapena ma glow plug (timapulagi totenthetsa injini poiliza), pamene utsi wa madzi a coolant umanunkhira motsekemera ndipo umazimirira msanga m'mwamba. Kuyeza zonsezi n'kotsika mtengo kuposa kuchotsa hedi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona munthu atalipira ntchito yaikulu, galimoto n'kubwerako ikufukabe utsi womwewo.

Ngati kuyeza kwatsimikizadi kuti ndi gasiketi, chimene chingakuuzeni chochita ndi mmene kunsi kwa injini kulili. Ngati injini siimadya oyilo, siigogoda, mphamvu ya oyilo ili bwino ndipo makoma a masilinda alibe mikwingwirima hedi itachoka, kukonza n'kwanzeru, ngakhale patafunika hedi ina, chifukwa injini imeneyo mukuidziwa mbiri yake. Koma ngati inayenda nthawi yaitali madzi atasakanikirana ndi oyilo, mabeyaring'i amakhala atadyeka, ndipo ngati buloko nayo yapindika kapena pisitoni yasungunuka, ndalama zokonzera zimayandikira mtengo wa injini ina, ndipo pamenepo anzanuwo angakhale akunena zoona.

Injini yogwiritsidwapo ntchito ili ndi ndalama zake zobisika zimene anthu saziwerengera. Pali msonkho ndi mtengo wonyamulira ngati mukuitanitsa nokha, ntchito yotsitsa ndi kukweza, lamba wa timing, pampu ya madzi ndi thermostat zimene muyenera kusintha isanakwezedwe, ndiponso pa D-4D manambala a mainjekita ayenera kulembedwa mu kompyuta ya galimoto kuti injini iziyenda bwino. Nambala ya injini nayo ikasintha, zikalata za galimoto ziyenera kukonzedwa ku ofesi ya Road Traffic. Kwa wogulitsa, pemphani kuti akulembereni masiku amene mungaibweze ikapezeka ndi vuto, ndipo ngati n'kotheka ayeze mphamvu ya masilinda inu mukuona. Radiyeta yakaleyo musaibwezeretse isanatsukidwe ndi kuyezedwa, chifukwa ngati ndiyo inawiritsa injini yoyamba, iwiritsanso yachiwiriyi musanamalize kubweza ngongole imene munaigulira.